Mwamva kwa Ndani, Amalume?

Ndinali pakhonde kusankha mphodza pamene Suhail, mwana wa malemu mlongo wa amuna anga, anafika ndi makatoni anayi a nsapato ndi chipepala cha mtengo wa banja la Mutlaq, womwe mawa lake unkapita kwa wojambula kuti akaupente pa khoma la madafa, nyumba ija amuna a banja lonse amalandiriramo alendo. Amuna anga, a Mifleh bambo a Rakan, ndi mwala woti ngakhale thirakitala imabwerera, pomwe Suhail, wogulitsa mankhwala mumzinda wa Irbid, ndi munthu woti ukamuuza kuti dikira pomwepo, mawa umampeza ali pomwepo.

"Amake Rakan, khofi," anatero amuna anga osandiyang'ana n'komwe. "Tambasula tione, mphwanga. Ine ndili pati?"

"Apa, amalume. Mifleh mwana wa Ayed, mwana wa Dakhil, mwana wa Mutlaq. Pamwamba panu pali Rakan, pamwamba pa Rakan pali kamdzukulu kanu Yazan."

"Eya. Nanga bwanji nthambi zinazi ndi za inki, yangayi ya pensulo?"

"Kuti isavute kufufuta."

"Kufufuta chiyani?"

"Nthambiyo."

Bambo a Rakan anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ndi lamulo la komiti ya banja, amalume. Dzina lililonse likhale ndi nambala, nambalayo iloze pansi pa mtengo pomwe talemba mboni yake. Dzina lopanda mboni silikwera pa khoma."

"Lamulo lopusa limenelo anabweretsa ndani?"

Suhail anatsegula katoni, n'kuvundukula mapepala.

"Inu. Munati likhale lolimba kuti a Hamdan asatilowetsere abusa a mbuzi zawo mu mtengo."

"Ndiye ndi lamulo labwino. Pitiriza."

Hamdan ameneyu ndi mbale wawo wa nthambi ina, ndipo awiriwa sanamwerepo khofi pa mphasa imodzi mwamtendere kuyambira ali kusukulu. Suhail komiti inamsankha dala. Mtengo ndi wa amuna okhaokha, mwana wa mlongo sakhalapo, ndiye analibe nthambi yake yoti ainenepetse.

"Vuto lili pa agogo anu a Dakhil," anatero Suhail. "A Hamdan akuti sanali mwana wa Mutlaq. Akuti anali mbusa waganyu amene anangozolowera kudya mbale imodzi ndi ana a pakhomo."

"Hamdan pakamwa pake ndi dzala."

"Mwamva kwa ndani?"

"Chiyani?"

"Kuti ndi dzala. Ngati ndi umboni, ndilembe."

"Usalembe. Kamba za Dakhil."

"Dakhil akagwa, nthambi yonse ikugwa. A Ayed, inu, Rakan, Yazan. Wojambula akufuna chipepalachi mawa m'mawa."

"Sangagwe. Umboni ulipo wodzaza makatoni anayi, ndikuuona ndi maso angawa."

"Ndinaugawa m'magulu, amalume. Katoni yoyambayi ndi zolembedwa pa mapepala. Dakhil mulibe, Aturuki anamtengera kunkhondo asanalembedwe pena paliponse. Yachiwiri ndi zosemedwa pa miyala ya kumanda. Mulibenso, poti sanabwerere, alibe manda. Yachitatu ndi zonena anthu amene anaona ndi maso."

"Yopepuka bwanji. Nanga iyo yodzaza mpaka chivindikiro kukana kutseka?"

"Imeneyo ndi yachinayi."

Suhail anaitembenuza kuti aone kapepala komwe anamatapo. Bambo a Rakan anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza.

"Zomva kwa amalume." Anavula magalasi. "Kumeneku ndi kutukwana kapena ndi ulemu?"

"Ndi gulu chabe."

"Ndinakutumizira mboni zodzaza basi. Anthu olemekezeka, a imvi zawo."

"Ndinapita kwa onse. Aliyense ndinamfunsa funso limodzi: mwamva kwa ndani?"

"Wometa tsitsi uja anati chiyani?"

"Anati kwa inu. Akuti mumanena akamakumetani, mpaka amaima kaye kuopa kukuchekani."

"Nanga a shehe a kumzikiti? Amenewo sungawaike m'katoni ya nsapato."

"A shehe anamva kwa wometa."

"Waona. Si ine."

"Wometa anamva kwa inu."

"Rakan?"

"Akuti mumanena pa chakudya chilichonse chamadzulo."

"Mwana wosayamika. Ndiye anthu onsewo ukuwawerenga ngati munthu mmodzi?"

"Madzi a chitsime chimodzi, amalume, ngakhale muwathire m'mabotolo khumi, ndikawayeza ndi omwewo."

"Ndiye ine ndine chitsime."

"Inde."

"Chabwino. Lemba chitsimecho. Mifleh mwana wa Ayed, mboni. Zilembo zooneka."

"Munamuona Dakhil?"

"Ndimuone bwanji munthu woti anamtenga bambo anga ali mwana?"

"Ndiye mwamva kwa ndani?"

"Iwe, funso lakoli tsiku lina adzakumenya nalo. Ndinamva kwa amayi anga, Mulungu awachitire chifundo."

"Awachitire chifundo. Ndiye tafika pa katoni yachitatu."

Suhail anapisa dzanja, n'kutulutsa kaseti imodzi yakale, yomangidwa ndi mphira. Ine ndinaizindikira pompo. Masiku amenewo apongozi anga, poti sankalemba, ankalankhula m'kaseti, tikatero n'kutumiza kwa alamu anga amene ankagwira ntchito ku Kuwait.

"Ana awo anaipeza m'sutikesi," anatero Suhail. "Mbali yoyamba agogo akudandaula za mawondo ndi za inu."

"Siya mbali yoyamba."

"Mbali yachiwiri akunena kuti Dakhil anali mng'ono wa bambo awo a Salameh, mimba imodzi, onse ana a Mutlaq. Akuti anaona ndi maso awo tsiku lomwe asilikali anamtenga."

Bambo a Rakan anawomba m'manja kamodzi, nkhope yonse kuwala.

"Basi, nkhani yatha. Tenga inki. Hamdan akatafune kasetiyo ndi mano ake otsalawo."

"Yatha ndithu. Kwangotsala kulemba dzina la mboni."

"Dzina la ndani?"

"La agogo."

Mikanda yopempherera yomwe inkayenda m'zala zawo inaima.

"Dzina la amayi anga."

"Inde."

"Pa khoma la madafa. Pomwe pamakhala amuna a banja lonse, alendo ochokera kutali, ngakhale ogulitsa mavwende akalowa kudzapempha madzi."

"Pansi penipeni, amalume. Tizilembo ting'onoting'ono."

"Pansi pomwe anthu amavulira nsapato?"

"Ndikhoza kukweza."

"Usakweze."

"Ndiye pansi."

"Osati pansi, osati pamwamba. Kodi iwe unakulira kuti? Dzina la amayi a munthu silitchulidwa pagulu. Lemba kuti a kunyumba."

"Nyumba iti?"

"Yathu ino."

"Nyumba ino munamanga ndinu mutabwera ku usilikali. Sinamuone Dakhil."

"Sindikunena njerwa, mphwanga, ndikunena anthu."

"Anthu ake ndi omwe ndikufunsa dzinawo."

"Ha, Mulungu andipatse mtima. Lemba kuti amake Mifleh. Mudzi wonse unkawaitana choncho."

Suhail anatambasula chipepala chija, n'kuyamba kuloza ndi pensulo.

"A Mifleh achisamba m'banja lino alipo anayi, ndiye amake Mifleh aliponso anayi. Mmodzi mwa a Miflehwo ndi mkulu wawo wa a Hamdan."

"Ndiye?"

"Ndiye anthu powerenga adzati nthambi yanu inaimikidwa ndi amayi a Hamdan."

"Ndife kaye."

"Mukafa lamulo silisintha."

"Lemba kuti mwana wamkazi wa Salameh."

"Analipo asanu ndi awiri."

"Wachitatu."

"Ena akuti anali wachinayi. Kuti ndilembe wachitatu, pafunika mboni. Mwamva kwa—"

"Usamalize." Anamuloza ndi mikanda ija. "Lemba dzina la bambo anga. Mwamuna amaimira nyumba yake. Zonena mkazi wake ndi zake."

"A Ayed sanalankhule m'kasetimu."

"Analipo. Ndikukumbuka bwino, anakhala pambali pa wailesi."

"Akumveka akutsokomola kumbuyo."

"Waona."

"Kutsokomola si umboni, amalume."

"Bambo anga akatsokomola, ndiye kuti avomera. Funsa aliyense."

"Atsokomolanso mbali yoyamba, pomwe agogo akunena kuti inu munagulitsa nkhosa yodwala kwa mlamu wanu."

"Pamenepo chinali chifuwa."

Ine mutu ndinauika m'mphodza. Ndikanaseka pamenepo, bwenzi khofi atandiponyera.

"Lemba kaseti," anatero bambo a Rakan. "Mboni: kaseti. Ilibe bambo, ilibe manyazi."

"Kaseti kunalibe nthawi ya Aturuki."

"Suhail, mayi ako anali mlongo wanga, ndinkawakonda, koma pa iwe anandilakwira."

"Musavutike kulitchula, amalume, ngati likukuvutani pakamwa. Ndili nalo kale m'katoni yoyamba." Anatulutsa pepala. "Pa chiphaso chanu, pomwe pali dzina la mayi, analemba Fatima. Ndimangofuna mutsimikize."

Apa amuna anga anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, misozi kulengeza.

"Fatima. Amake Rakan, wamva? Akuti Fatima. Mphwanga, mlembi wa boma atabwera m'mudzi muno kudzalemba anthu, anafunsa bambo anga dzina la akazi awo. Bambo anamuyang'ana ngati wapempha kuwaona akusamba. Mlembi anadikira, anadikira, kenako anati, ndiye ndingolemba Fatima. Bambo anati lemba zomwe ukufuna. Pita ukaone ziphaso za amsinkhu wanga, theka la mudzi uno linabadwa kwa Fatima."

"Ndiye si dzina lawo."

"Ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake ndi labwino. Lemba Fatima pakhomapo, zilembo zazikulu ngati ukufuna. Si lawo, ndiye palibe manyazi. Waona mmene akulu amathetsera nkhani?"

Suhail analemba kanthu pa pepala lija, n'kuliika pambali.

"Ukutani?"

"Ndikulichotsa m'gulu la zolembedwa. Mwanena kuti ndi bodza."

"Ndabweza mawu anga."

"Ndalemba kale."

"Dikira." Bambo a Rakan anatsinzina diso limodzi, monga amachitira akamagula nkhosa. "Kuti ndi bodza, wamva kwa ndani?"

"Kwa inu."

"Ehe. Ndiye ponya m'katoni yachinayi ija, ya zomva kwa amalume, yomwe suikhulupirira. Fatima abwerere pamalo pake."

Anatsamira ku khoma, n'kundiyang'ana kuti ndione mmene amgwirira mnyamata wasukulu. Suhail anakanda pachibwano.

"Tsiku la mlembilo, inu munali kuti?"

"Ndinali pomwepo. Ndinagwira mkanjo wa bambo chonchi, ndikuona zonse."

"Ndi maso anu?"

"Nanga ndi a ndani?"

"Ndiye pa nkhani imeneyi ndinu mboni yoona ndi maso." Anatsegula katoni yachitatu, n'kuikamo pepala lija mwaulemu. "Mwakwera gulu, amalume. Mawu anu ndi olimba kuposa chiphaso."

Apa ndiye ndinalephera kudzigwira. Mphodza zinamwazika khonde lonse.

"Seka, amake Rakan, seka. Nyumba yako ikugwa, iwe ukuseka." Anaimirira, mkanjo kukupiza. "Tamvera iwe wa mabotolo. Ukudziwa chifukwa chake Hamdan akamalankhula amaliza likhweru? Dzino lakutsogolo lija ndinachotsa ndine. Tili kusukulu anaima pabwalo, n'kufuula dzina la amayi anga pamaso pa anyamata onse. Ndinatola mwala. Aphunzitsi anandikwapula mpaka ndodo kuthyoka, koma bambo anandigulira nsapato zatsopano. Kuyambira tsiku limenelo palibe mwamuna walitchula m'mudzi muno. Ngakhale ine mwini, pakamwa panga silinatulukepo. Pamanda pawo ndinalembetsa kuti amake Mifleh. Ndiye lero ndilipachike ndekha pa khoma, Hamdan azibwera Lachisanu lililonse kudzaliwerenga akumwa khofi wanga?"

"Khofi ndi wa komiti."

"Sindilemba."

"Chabwino, amalume."

Suhail anatulutsa labala m'thumba la malaya, n'kuipukuta pa bondo.

"Ndiyambire kumwamba kapena kumunsi?"

"Ukundiopseza?"

"Ayi. Ndikayambira kumunsi, nthambi itsala ikulendewera m'malere, sizioneka bwino. Ndiyambira kumwamba."

"Yamba. Tione ngati dzanja lako silifota."

Dzanja silinafote. Anaika labala pa kadzina ka Yazan, n'kupukuta bwinobwino, n'kuuzira tinyenyeswa. Kuseka konse kunandithera. Mwana ameneyo anali atauza kale kalasi yake yonse kuti iye ndi tsamba lapamwamba penipeni, ndipo Lachisanu adzawatenga anzake akamuone pa khoma. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya nawo onse awiri, mwala uja ndi Suhail woyeza zonse pa sikelo yemwe.

"Wotsatira ndi Rakan," anatero Suhail.

"Fufuta. Ndi wosayamika kale."

"Kenako inu."

"Ine ndikudziwa kuti ndine ndani. Sindifuna khoma kuti lindiuze."

"Kenako a Ayed."

Pamenepo amuna anga anakhala pansi, n'kuyang'ana kumsewu.

Suhail anaika labala pambali, n'kutulutsa kawailesi ka kaseti m'chikwama.

"Ukutaninso?"

"Komiti inati mboni isanachotsedwe, mwini nthambi aimve."

"Lamulo limenelonso anabweretsa ndani?"

"Inu."

Anadina. Kunamveka phokoso ngati mvula pa malata, nkhuku ikulira patali, kenako mawu aja. Anali apongozi anga enieni, ndi kalankhulidwe kawo kokoka mawu ngati munthu wopota ulusi.

"...ndiye uwauze ana ako kumeneko, asamangodziwa mayina a magalimoto. Dakhil anali mng'ono wa bambo anga, bere limodzi. Tsiku lomwe asilikali anabwera, anandinyamula paphewa mpaka pa mkuyu wa kunjira, iwo akumudikira ndi mfuti. Ananditsitsa, n'kundipatsa nkhuyu zouma ziwiri. Anati, mwana wa mkulu wanga, anthu akadzandiiwala, iwe uzidzanditchula. Ndiye ine ndimatchula. Munthu wosatchulidwa wafa kawiri. Ndimamuuzanso Mifleh, koma ukumdziwa mbale wako, mutu ngati wa bulu..."

Kumbuyo kunamveka kutsokomola.

"Pamenepo avomera kapena ndi chifuwa?" anafunsa Suhail.

"Zimitsa."

Anazimitsa. Amuna anga anatulutsa kansalu, n'kumina nthawi yaitali, ngati kuti vuto linali mphuno.

"Bwezera Yazan," anatero ndi mawu osasa.

"Popanda mboni sindingathe."

"Ndikudziwa. Lemba."

"Ndilembe chiyani?"

"Dzina lawo, nanga chiyani."

Suhail anatenga cholembera cha inki, n'kuchivula kachipewa.

"Nditchulireni."

"Sukulidziwa? Agogo ako omwe?"

"Anamwalira ndikukwawa. Amayi ankangoti agogo ako. Pamanda pali amake Mifleh, pa chiphaso pali Fatima. Ndinasiyira inu, poti ndinu mwana wawo."

"Chabwino. Lemba." Anakonza kukhosi. "Lemba kuti..."

Tinadikira.

"Dzina lawo linali..."

Milomo inkayenda, koma palibe chinatuluka. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana mikanda m'manja mwawo, n'kuyamba kuiyendetsa umodzi umodzi ngati dzinalo labisala pakati pake. Poyamba ndinkayesa ndi manyazi aja. Kenako ndinaona nkhope yawo, ndipo ndinachita mantha. Zaka zonse ndakhala ndi munthu ameneyu sindinamuonepo akuoneka ngati mwana wosochera pamsika. Analibisa dzinalo mozama, kulibisira anyamata a kusukulu, kulibisira alendo, kulibisira mudzi wonse, mpaka analibisira mwini wake.

"Lili pano," anatero, akugwira pachifuwa. "Lili pompano. Limayamba ndi... Amayi anga, Suhail. Ndinawanyamula ndi manja awa kupita nawo kumanda."

"Musafulumire, amalume."

"Sindinaliiwale. Munthu angaiwale bwanji?"

Suhail anayang'ana m'makatoni ake onse anayi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati akufuna atapezamo bodza loti athandize nalo munthu. Koma Suhail ndi Suhail.

"Pali mboni imodzi yomwe mwaitchula nokha," anatero motsitsa. "A Hamdan analifuula tsiku la dzino lija. Munthu saiwala mawu omwe anamchotsetsa dzino. Ndikhoza kuwaimbira foni."

"Ndikapemphe dzina la amayi anga kwa Hamdan."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangonena chapansipansi, ndipo ndinaona kuti akhoza kupitadi, ndi ndodo yawo, kukagogoda pakhomo la mdani wawo. Pamenepo ndinaika thireyi ya mphodza pansi.

"Wadha," ndinatero.

Onse awiri anatembenuka ngati mpando walankhula.

"Wadha mwana wa Salameh. Ndipo anali wachitatu, osati wachinayi."

"Wadha," ananong'ona amuna anga. Anabwerezanso, mokweza pang'ono, ngati akulawa. "Wadha. Eya. Ndi lomwelo. Azakhali ankawaitana choncho pachitsime." Anaphimba nkhope ndi kansalu kaja, mapewa akugwedezeka.

Suhail anadikira mwaulemu mpaka kansalu katatsika. Kenako anatembenukira kwa ine, cholembera chili m'mwamba.

"Mwamva kwa ndani, azakhali?"

"Iwe mwana, ulibe chisoni?"

"Ndili nacho. Koma pafunika gulu."

"Ndinamva kwa mwini wake. Chaka chomwe anadwala, ndine ndinkawasambitsa ndi kuwapesa tsitsi. Tsiku lina anandigwira dzanja, anati, mwana wanga, chikulire Mifleh palibe wandiitana ndi dzina langa, mpaka ndayamba kulikayikira. Tikakhala awiri uzinditchula. Ndiye ndinkawatchula. Ndikalowa m'mawa ndinkati, Wadha, mwadzuka bwanji, iwo n'kumaseka ngati kamtsikana."

"Ine ndinali kuti?" anafunsa amuna anga.

"Ku madafa, kukamba za Dakhil."

Suhail analemba, n'kuwerenga mokweza zomwe walemba.

"Dakhil mwana wa Mutlaq. Mboni: Wadha mwana wa Salameh, anaona ndi maso. Dzina la mboni latsimikizidwa ndi..." Anaima. "Apa pafunikanso dzina. Azakhali, dzina lanu?"

"Lemba kuti amake Rakan," anafulumira bambo a Rakan, chizolowezi chitawagwira pakhosi.

"Amake Rakan alipo atatu. Mmodzi ndi mpongozi wa a—"

"Basi, basi."

"Ndiye azakhali anditchulire."

"Ine ayi," ndinatero, ndikutola mphodza zanga pansi. "Pakhomo pano mwini nthambi alipo. Anandikwatira yekha, anthu akuona. Atchule iyeyo, ngati nalonso silinalowe m'dzenje lomwe lija."

Ndinanena moseka. Koma chikwatiwire, ndinali ndisanalimvepo pakamwa pawo. Ndinali iwe, kenako ndinakhala amake Rakan, kenako khofi. Ndinkaopa kuti atsegulanso pakamwa, n'kuyang'ana kudenga.

Sanayang'ane kudenga. Anayang'ana ine.

"Sabha," anatero. "Sabha mwana wa Khalaf."

"Mwamva kwa ndani, amalume?"

"Ndinalifunsa ndekha kwa mlongo wanga, mayi ako, nditamuona akutunga madzi. Ndinalipira mpango kuti andiuze. Lemba, katoni yachitatu."

Suhail analemba. Anabwezera Yazan pamwamba ndi inki, n'kudutsitsa inkiyo nthambi yonse mpaka pa Dakhil. Kenako anayeza ndi chala kampata ka pansi pa mtengo.

"Ndimuuza wojambula achepetse zilembo, amalume, monga ndinalonjezera. Tizilembo toti munthu sangawerenge asanagwade. A Hamdan ndi maso awo aja sadzaona kanthu."

"Wati chiyani?"

"Ting'onoting'ono. Pansi penipeni."

"Pomwe anthu amavulira nsapato? Kweza, mphwanga, pakhale poti munthu aone ali chiimire. Ndipo zilembo zikhale zikuluzikulu, mayina onse awiri. Maso anga afooka, ndipo ndikadzaiwalanso, ndizidzawerenga pa khoma."